Andisokoneza Polalikira Pamsika wa Kapata

Funso: Abusa, ine ndimalalikira Loweruka lililonse pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Sabata yatha mnyamata wina woledzera anandilanda Baibulo n'kuliponya pafumbi, ndipo amayi ogulitsa tomato anadandaula kuti chimkuzamawu changa chikuwathamangitsira makasitomala. Kodi ndichite bwanji?

Yankho: Mbale wanga, ndiyambira pa amayiwo, chifukwa madandaulo awo ndi omveka ndipo si chizunzo ayi. Iwo amafika pamsika m'mamawa kudzafunira ana awo ufa, choncho kawapepeseni, muchepetse phokoso la chimkuzamawu, ndiponso mupemphe atsogoleri a msika kuti akusonyezeni malo ndi nthawi yoyenera.

Za woledzerayo, musalimbane naye kapena kumutemberera pamaso pa anthu. Tolani Baibulo lanu, mulisase fumbi, mumuyankhe mofatsa monga momwe Miyambo 15:1 ikulangizira, ndipo akayamba kukankhana nanu muchokepo, monganso Yesu anauzira ophunzira ake pa Mateyu 10:14. Musamapite nokha, mnzanu mmodzi akhoza kutengera munthu woteroyo pambali inu mukupitiriza ulaliki. Wina akakumenyani, kadandauleni kupolisi.

Kumbukiraninso kuti ngakhale Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, malamulo a dziko amateteza ufulu wachipembedzo wa aliyense. Mu Chipata muli Asilamu ambiri, ena mwa iwo ndi eni masitolo amene mumagulako, ndipo alaliki ena amaputa dala mkangano ponyoza chipembedzo chawo pachimkuzamawu.