Kodi amene ankaphedwa ku France aja analidi athirakuwiri?

Mayi wina amene amaphunzitsa mbiri yakale kusekondale wanditumizira imelo. Akuti ana asukulu anamufunsa ngati anthu amene anadulidwa mitu pa nthawi ya kuukira boma ku France anali ogwirizanadi ndi adani, kapena ankangonamiziridwa. Iye anasowa choyankha, ndiye wandiponyera ine funsolo.

Mayi, athirakuwiri enieni analipo ndithu, ndipo vuto lonse linayambira pamenepo. Mu Juni 1791 mfumu Louis XVI inathawa mu Paris usiku ndi banja lake, koma anaigwira ku Varennes isanafike kumalire. Nkhondo yolimbana ndi Austria itayamba mu Epulo 1792, mkazi wake Marie Antoinette, mwana wa ku Austria komweko, ankaululira abale ake mapulani a asilikali a France. Mu Novembala chaka chomwecho anapeza kabati yachitsulo yobisika m'khoma la nyumba yachifumu ya Tuileries, yodzaza makalata achinsinsi a mfumu. Kenako mu Epulo 1793 Dumouriez, mkulu wa asilikali amene dziko lonse linkamuimbira m'manja, anawolokera kwa adani. Mu Ogasiti mzinda wa Toulon unatsegulira Angelezi doko lake. Munthu wa ku Paris amene ankaona kazitape paliponse sanali wamisala ayi.

Koma onani amene anafera mantha amenewo. Kumayambiriro kwa Seputembala 1792, asilikali a Prussia, dziko logwirizana ndi Austria, akulanda mzinda wa Verdun, mphekesera inawanda yoti akaidi akufuna kuthyola ndende n'kupha akazi ndi ana a anyamata opita kunkhondo. Chigulu cha anthu chinalowa m'ndende za mu Paris, n'kuika tebulo pakhomo ngati bwalo la milandu. Mkaidi ankafunsidwa mafunso awiri atatu, kenako n'kumukankhira panja pamene ena ankadikira ndi zisonga ndi malupanga. M'masiku ochepa anafa anthu opitirira 1,000. Munali ansembe ndi anthu a m'mabanja apamwamba, inde, koma ambiri anali akaidi wamba, akuba ndi ena otere, amene za Prussia sankazidziwa n'komwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi lamulo la pa 17 Seputembala 1793, lonena za anthu okayikitsa. Kuyambira tsiku limenelo sipankafunikanso kalata yopita kwa mdani. Zolankhula zako, anthu amene umacheza nawo, kukhala m'bale wa munthu wapamwamba amene anathawira kunja, kapena kumanidwa chikalata chosonyeza kuti ndiwe nzika yokhulupirika, zinali zokwanira kuti akutsekere. Mndandanda wa mayina ankalemba ndi makomiti a m'dera, anthu okudziwa bwino, mwina ena a iwo muli nawo mangawa kapena munakanganapo za malire a munda. Mu Juni 1794 lamulo lina linachotsanso ufulu wokhala ndi loya, ndipo khoti linatsala ndi zigamulo ziwiri zokha: kumasulidwa kapena imfa. Olemba mbiri amawerengera anthu pafupifupi 17,000 amene anagamulidwa kuphedwa m'dziko lonse, osawerengera ofera m'ndende.

Ana anu muwauze za Houchard. Mkulu wa asilikali ameneyu anapambana nkhondo ya ku Hondschoote mu Seputembala 1793, n'kupulumutsa mzinda wa Dunkirk m'manja mwa Angelezi. Mlandu wake unali woti sanawathamangitse mokwanira, choncho ayenera kuti ankawakondera. Mu Novembala mutu wake unadulidwa. Danton, mmodzi wa atsogoleri a boma latsopano, amene anathandiza kukhazikitsa khoti lapadera loweruza adani a bomalo, anaweruzidwa ndi khoti lomwelo n'kuphedwa mu Epulo 1794. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: Robespierre, mtsogoleri mnzake amene anathandiza kumugwetsa, anamutsatira mu Julayi.

Nanga Dumouriez uja, amene anaperekadi dziko lake poyera? Palibe anamukhudza. Anayendayenda m'maiko a ku Ulaya, n'kukakhazikika ku England komwe boma linkamupatsa penshoni, ndipo anamwalira mu 1823 ali nkhalamba ya zaka 84.