Za pulogalamu yowerengera ulimi ku Ngabu

Achimwene, mwafunsa ngati bambo anu ku Ngabu angadalire pulogalamu ya pa foni yomwe imanena tsiku lodzala ndi kuchuluka kwa feteleza. Za foni yoti mugule akuyankheni ena.

Zinthuzi, ngakhale zikuluzikulu za akatswiri ngati APSIM ndi DSSAT, zimawerengera zomwe zapatsidwa basi: mvula ya zaka zam'mbuyo, kutentha, dothi ndi mtundu wa mbewu. Ndiye afunseni eni pulogalamuyo kuti mvulayo anaiyeza kuti. Akati ku Chitedze ku Lilongwe kapena ku Bvumbwe ku Thyolo, komwe ndi kumtunda, chikwama chanu chitsekeni. Kuno nkuchigwa, Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo makande a ku Ngabu akauma amang'aluka, akanyowa amamata khasu.

Msuweni wanga pulogalamu yotereyi inamuuza kuti adzale chimanga mu Disembala 2023, athire matumba awiri a feteleza. El Niño uja mvula inadula chimanga chikumasula, chonse chinapserera. Mapira a mayi woyandikana naye munda anapirira, anakolola ndithu. Pulogalamuyo mapira, mchewere ngakhale thonje munalibemo nkomwe! Thumba la feteleza ndi lodula, si ndalama yoyesera.

China, madzi otiononga kuno amachokera kumtunda. Mvula igwe ku Mulanje ndi ku Thyolo, Ruo adzaze, a ku Makhanga asamuke kumwamba kuli mbee. Pulogalamu yoona mvula ya pamunda pokha izi siiziona, ndipo mukukumbuka za namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Ine ndingati bambo apite kwa alangizi, maofesi a zaulimi a Shire Valley ADD ali pa Ngabu pomwepo. Akafunse ulosi wa dzinja wa boma la Chikwawa wochokera ku nthambi yoona za nyengo, komanso ngati kuli gulu la PICSA, lothandiza alimi kukonzekera ulimi potengera za nyengo. Kumeneko alimi amaona okha chithunzi cha mvula ya zaka zambiri ya dera lawo, nkusankha mbewu pamodzi ndi mlangizi. Makompyuta aliponso kumbuyoko, koma pali munthu woti umutsutse. Salipiritsa, mwina ya kabaza yokha.

Inu amene mumati makina salakwa, munda wanu uli pa Facebook eti?

Ngati bambo ali ndi dimba chakumtsinje, mbewu ina ya chimanga asunge yodzala madzi akaphwa, cha mu Epulo.