Mukubwera ndi ana ku Blantyre pa Khirisimasi? Malo oti mukaone n'kubwerako tsiku lomwelo

Mayi wina amene amakhala ku Johannesburg wandilembera imelo. Akubwera kumudzi pa tchuthi cha Khirisimasi ndi amuna awo komanso ana atatu, wazaka 5, wazaka 9 ndi wachisamba wazaka 14, onse obadwira konko. Adzafikira kwa apongozi ku Chilomoni, ndipo alamu awo alonjeza kuwabwereka galimoto. Akufuna kudziwa malo oti angawatengereko anawo n'kubwerako tsiku lomwelo, chifukwa agogo sadzalola kuti zidzukulu zizigona kwina. Afunsanso ngati n'zotheka kukasamba kunyanja m'mawa n'kudzagona ku Blantyre.

Achemwali, tiyambe ndi zakunyanjazo. Zisiyeni. Kuchoka ku Blantyre kukafika pa boma la Mangochi ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo magombe abwino osambirako ali kutsogolo kwake, Cape Maclear ndiye kutali kuposa apo. Muwerengerenso marodibuloko, maenje a mumsewu, njinga za makala ndi mbuzi zodumpha msewu. Mukafika ana atatopa, asamba pang'ono, inu mwayamba kale kuyang'ana dzuwa. Nyanja ipatseni masiku ake awiri kapena atatu, ndipo agogowo muwatenge, madandaulo atha. Masiku otsalawo, lamulo langa ndi lakuti malo amodzi pa tsiku, ndipo oti musankhe muzisankha m'mawa mutayang'ana kumwamba. Disembala ndi mwezi wa mvula. Nthawi zambiri kumacha bwino, mitambo n'kuyamba kusonkhana chakumasana, ndiye amene wanyamuka mochedwa ndi amene amanyowa.

Kukacha kowala, pitani ku Zomba. Ndi makilomita osakwana 70, msewu wake wa phula. Tauniyi inali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo nyumba zakale za boma zikadalipo m'munsi mwa phiri, kuphatikizapo imene inali Nyumba ya Malamulo. Mnyamata wanu wamkuluyo mumuonetse chipilala cha asilikali a King's African Rifles chimene chili polowa m'tauni mukamachokera ku Blantyre. Koma musachedwe pansi, ulendo weniweni uli pamwamba.

Msewu wokwera phiri la Zomba ndi wokhotakhota komanso wopapatiza, ndipo mumakumana ndi anthu otsika ndi njinga zodzaza nkhuni. Woyendetsa asathamange, ndipo potsika adalire giya yaying'ono osati mabuleki okha. Mukafika pamwamba mpweya umasintha, kumazizira ngakhale m'dzinja, choncho majuzi a ana musawasiye. M'mbali mwa msewu mudzapeza anyamata atanyamula timbale ta sitiroberi, mabulosi ndi zipatso zina za nyengo yake. Mtengo woyamba umene angakuuzeni ndi wa nambala ya galimoto ndi Chingerezi cha ana anu, ndiye nenererani mwaulemu, mugwirizana. Zipatsozo mukazitsuke kaye.

Pamwambapo malo osavuta ndi damu la Mulunguzi, limene limapereka madzi ku mzinda wa Zomba. Pali poyala chitenje n'kudya zomwe mwatenga, ndipo mwana wazaka 5 sangavutike kuyenda m'mbali mwake. Kuchoka apo pali tinjira ta m'nkhalango tolowera ku mathithi a Williams. Madzi ake ndi ozizira kwambiri ndipo miyala yake ndi yoterera, koma ana amakondwa nawo kuposa china chilichonse paphiripo. Amene ali ndi mphamvu apitirire ku Emperor's View, pamene anaimapo mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie itabwera kuno mu 1965, ndi Queen's View pafupi pomwepo. Kukakhala kopanda nkhungu mumaona tauni yonse pansi, nyanja ya Chilwa, ndi phiri la Mulanje chapatali. Kuli nkhungu simuona kanthu, n'chifukwa chake ndikuti mupite m'mawa. Ku dzenje la Chingwe, kumene akuluakulu amati kale ankaponyako anthu, n'kutali ndipo msewu wake nthawi ya mvula umafuna galimoto yamphamvu. Ndi ya alamuyo ine sindingayerekeze. Ofuna tiyi ndi chimbudzi chabwino aime pa hotelo ya Ku Chawe. Ndikuchenjezeniretu inu amene munachoka kalekale: paini wambiri amene mukumukumbukira anadulidwa, ndipo malo ena mudzapeza zitsa zokhazokha. Zimapweteka mtima, komabe phirilo likadali lokoma.

Tsiku lina lowala, Mulanje. Pali njira ziwiri. Ya Midima ndi yachidule, koma ine ndimati popita mudzere ku Thyolo. Mudutsa pa Bvumbwe, pamene ndiwo zamasamba zimaunjikidwa m'mbali mwa msewu, kenako muyamba kuona minda ya tiyi, yobiriwira mpaka kumene maso alekezera. Ana okulira m'tauni amamwa tiyi tsiku lililonse osadziwa kuti ndi tsamba la kamtengo kofika m'chiuno. Nthawi ya mvula ndiyo yothyola kwambiri, ndiye mudzaona anthu m'mizere ali ndi madengu kumsana akubudula nsonga zanthete zokha. Musanawajambule apempheni, ali pantchito. Esiteti ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, imalandira alendo ofuna kulawa mitundu ya tiyi, koma muyambe mwaimba foni.

Phiri la Mulanje simungalikwere tsiku limodzi ndi ana. Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo opitako amagona m'tinyumba ta pamwamba. Chimene mungakwanitse ndi kupita ku Likhubula, kulipira pa ofesi ya zankhalango, kutenga mmodzi mwa operekeza alendo ovomerezeka, n'kuyenda wapansi kukafika pa Dziwe la Nkhalamba. Kwa wamkulu ndi ulendo wa ola limodzi, ndi ana onjezerani. Njira yake ndi yokwera, ndipo wamng'onoyo malo ena adzafuna kuberekedwa, choncho chitenje chikhale pafupi. Woperekezayo musamuone ngati wongodya ndalama. Amadziwa mwala woterera, amadziwa mtambo wobweretsa mvula, ndipo nkhani za mizimu ya m'phirimo adzawafotokozera ana bwino kuposa inu. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu ozungulira.

Apa ndilankhule mosapsatira. Dziwe la Nkhalamba ndi lakuya, ndi lozizira, ndipo lamezapo anthu, ena mwa iwo odziwa kusambira. Mvula ikhoza kugwa pamwamba pa phiri inu pansi muli padzuwa, madzi n'kungofika mwadzidzidzi. Ana aviike mapazi m'mbali pamene woperekeza walozera, basi. Wazaka 14 ndi amene muyenera kumuyang'anitsitsa, chifukwa msinkhu umenewo akaona anyamata a konko akudumpha kuchokera pamwala amafuna aonetse kuti nayenso ndi mwamuna. Ngati usiku wake kwagwa mvula yamphamvu, musapiteko n'komwe. Anthu a ku Mulanje ndi Phalombe sanaiwale zimene madzi ochokera m'phiri anachita pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Pobwerera gulani zinanazi, za ku Mulanje n'zotsekemera. Tizibokosi tonunkhira ta mkungudza timene amagulitsa pamenepo ine sindigula: mtengo umenewu ndi wa fuko lathu, umamera mwachilengedwe m'phiri lokhalo, ndipo watsala pang'ono kutheratu.

Zanyama zakutchire ndiye ku Majete, m'boma la Chikwawa, makilomita ngati 70 kuchoka ku Blantyre. Nyamukani kusanache. Potsika zitunda za ku Chikwawa pali malo amene chigwa chonse cha Shire chimaonekera pansi, mtsinje ukunyezimira, imani pang'ono ana aone. Mukawoloka mlatho wa Kamuzu mwatsala pang'ono. Nkhalango imeneyi inali itatheratu nyama chifukwa cha opha mozemba, mpaka bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2003 mogwirizana ndi boma. Anabwezeretsamo zipembere, njovu, njati, akambuku, ndipo mu 2012 mikango. Akadyansonga anabwera mu 2018. Mkati momwemo muli mathithi a Kapichira, amene anatsekereza sitima ya David Livingstone mu 1859, ndipo pafupi pake ndi pamene amapangira ena mwa magetsi amene mudzakhale mukuwadikira ku Chilomoni.

Popeza mukuchokera dziko la nkhalango yotchuka ya Kruger, ndisakunamizeni. M'dzinja udzu umatalika, madzi amapezeka paliponse, nyama zimabalalika. Mkango mukhoza osauona. Koma mvuu, ng'ona, njiri, agwape ndi anyani sizisowa, ndipo njovu zimakonda kutsikira ku Shire. Ubwino wa ku Majete ndi woti simupanikizana ndi magalimoto ena makumi pa nyama imodzi. Ngati galimoto yanu ndi yotsika, lipirani ya pamalopo yokhala ndi mlonda wodziwa kumene nyama zagona. Chikwawa kumatentha zoopsa, moti pofika 11 koloko ana adzakhala atafooka. Pafupi ndi geti pali malo odyera ndi dziwe losambiramo, ndiye zovala zosambira zikhale m'chikwama, pamodzi ndi madzi akumwa ochuluka kuposa amene mukuganiza. Ku Liwonde nakonso n'kwabwino, makamaka ulendo wa pa boti pakati pa mvuu, koma n'kotalikirapo, ndipo ndi koyenera kuima mukamapita kunyanja kuja. Ngati mwana wamng'ono sakupirira ulendo wautali, ku Game Haven pa Bvumbwe kuli mbidzi ndi nyama zina zofatsa, theka la tsiku lakwana.

Tsiku limene kwacha ndi mvula musadandaule, m'tauni momwemo muli zoona. Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni ya CCAP chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire zomangamanga, pamodzi ndi amisiri akuda amene anaumba ndi kuwotcha njerwa pomwepo. Auzeni ana ayang'ane nsanja ziwiri zakutsogolo, aona kuti sizofanana. Mandala House, ya mu 1882, ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zimene zikadaima m'dziko muno, ndipo pali pomwera tiyi ndi pogula zojambula. Ku nyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri, wazaka 9 adzakakamira panja pamene pali mitu ya sitima ndi magalimoto akale. Malo atatuwa mukhoza kuwazungulira musanadye nsima yamasana.

Zing'onozing'ono izi ndi zimene zimaononga ulendo. Mafuta thirani dzulo lake, ndipo mukapeza pamene alipo dzadzani, chifukwa kuno amatha osatsanzika. Tengani chiphaso cha unzika kapena pasipoti, popeza m'malo osungira nyama Amalawi amalipira mtengo wotsika kusiyana ndi alendo akunja, ndipo pageti adzafuna umboni. Ndalama zapamanja zikhalepo, zing'onozing'ono, chifukwa netiweki ya Airtel Money kapena Mpamba imathawa m'mapiri. Ana anu sanakulire ndi udzudzu wakuno, ndiye musananyamuke kaonaneni ndi dokotala za mankhwala oteteza malungo, azigona m'masikito, ndipo aliyense akatentha thupi, ngakhale mutabwerera kale ku Johannesburg, mukamuyezetse msanga n'kunena kumene munali.

Mukakhala kuti mudakalipo pa 15 Januwale, pitani ku Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, kumene John Chilembwe anakhazikitsa mishoni yake mu 1900. Tsikulo kumakhala mapemphero ndi khamu lalikulu, ndiye ngati simufuna kupanikizana pitani tsiku lina lililonse, n'kufupi. Musananyamuke mupatse aliyense wa anawo K2,000 aone nkhope ya munthu amene akukaona kwawo. Agogo adzakuuzani njira, ndipo mosakayika adzafuna mpando wakutsogolo.