Achemwali a ku Zomba, nayi nkhani ya ntchito yongodzipereka kuno ku Angónia

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Zomba, dzina sinditchula poti sanandilole. Anamaliza kozi ya zaulimi, ntchito ikuvuta, ndiye wamva kuti kabungwe kena kothandiza alimi akumidzi kakufuna anthu ongodzipereka kuno ku Mozambique kuchigawo cha Tete kwa chaka chimodzi. Akufunsa kuti tsiku limayenda bwanji kuno, timadya chani, timagona pati, ndalama ilipo kapena ndi zaulere zenizeni, komanso ngati angakwanitse osadziwa Chipwitikizi. Kumapeto anawonjezera kuti anzake akumuseka, akuti ku Mozambique si kunja ayi, ndi kuseri kwa phiri la Dedza basi. Ndinayamba kuyankha pa foni koma mawu anangochuluka, nde ndati bola ndiike pano kuti ena a maganizo omwewa aone nawo.

Achemwali, ndiyambe ndi za anzanuwo. Mbali ina akunena zoona. Ine ndili m'boma la Angónia, ofesi yathu ili ku Ulongwe koma ndimagona kumudzi cha ku Domwe, ndipo kuchoka pa boda ya Dedza, imene mbali ino amati Calómuè, kukafika ku Ulongwe sikutha maola awiri pa shapa, ndiye minibasi ya kuno imeneyo. Ngati munadutsapo pa Lizulu popita ku Lilongwe, nyumba zimene munkaziona mbali ina ya msewu zija ndi Mozambique kale. Anthu ake ndi Achewa ndi Angoni, nsima ndi yomweyi, gule wamkulu ndi yemweyu, mwezi wa Ogasiti ena amanyamuka kupita ku Kulamba kwa Gawa Undi ku Zambia ngati mmene amachitira a ku Malawi. Koma pamenepa mpamene pali msampha. Ukamva anthu akuyankhula chiyankhulo chako umaganiza kuti wafika kwanu ndipo zonse ukuzidziwa, chonsecho boma ndi lina, ndalama ndi ina, mmene zinthu zimayendera m'maofesi ndi mwina, ndipo zimene anthu awa anadutsamo sitinadutsemo ife.

Komanso musanamizidwe ndi dzina loti Tete. Mzinda wa Tete uli kumunsi ku Zambezi, kumeneko mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, munthu umachita kusowa pokhala. Kuno ku Angónia ndi ku Tsangano ndi kumtunda, nyengo yake ngati ya ku Dedza, mu Juni ndi Julayi m'mawa manja amachita kuuma ndi chisanu. Juzi yochindikala ndi bulangeti musasiye.

Tsopano tsiku langa. Ndimakhala pa banja lina, anandipatsa kachipinda kanga, magetsi kulibe koma pali kasola kakang'ono kotchajira foni ndi kuyatsa babu limodzi. Ndimadzuka cha m'ma 5 koloko, ndimasesa pabwalo, ndimapita kumjigo ndi atsikana a pakhomopo. Palibe anandiuza kuti ndizitero ndipo masiku oyamba amayi a pakhomopo ankandilanda tsache, akuti mlendo sasesa, koma ndinaona kuti bola nditope ndi ndowa kusiyana ndi kukhala munthu wongodikira madzi osamba pakhomo pa eni. Kumjigo kumeneko nkumene umamva nkhani zonse za m'mudzi zimene pamsonkhano sizinenedwa. Chakudya cham'mawa ndi phala kapena mbatata ndi tiyi, tsiku la msika timagula pawu, buledi wa kuno uja. Masana ndi madzulo nsima ndi nyemba, nkhwani wotendera, chisoso, kachewere poti kuno amalima wambiri, nthawi zina kapenta kapena nsomba zouma zamchere zochokera ku Cahora Bassa. Njala ya chakudya simudzaimva kwenikweni, koma mukakhala munthu wosankha ndiwo mudzavutika.

Ndikatero ndimakwera njinga yakapalasa kupita kumudzi umene tapangana. Kukakhala kutali timapita pa njinga yamoto ndi mlangizi wa boma, kuno amati extensionista, wa ku ofesi ya SDAE imene imaona zaulimi m'boma lililonse. Ntchito yathu ndi ya magulu a alimi: kupanga manyowa, minda yachitsanzo ya chimanga ndi soya, kusunga mbewu kuti anankafumbwe asaononge, magulu osunga ndalama amene kwathu timati banki m'khonde koma kuno amati poupança, ndi makomiti a mijigo. Zikumveka zambiri eti? Koma zoona zake nzoti gawo lalikulu la tsiku limathera kuyenda, kupereka moni ndi kudikira. Sungangofika m'mudzi nkuyamba kuitana anthu. Uyambe kwa amfumu, udutsenso kwa sekeretaryo, ndiye mlembi wa mudzi, ukhale pamphasa, akufunse za kumene wachokera, iwenso ufunse za ana ndi za kumunda. Msonkhano wa 8 koloko umayamba 10, osati chifukwa anthu ndi aulesi ayi, amayamba kaye apita kumunda kukadali kozizira. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala iwalani zoitana anthu m'mawa mpaka atamaliza kupalira ndi kubandira. Kukagwa maliro zonse zimaima, ndipo inunso malo anu ndi kusiwa komweko, mwavala kapulana, chitenje cha kuno, mwakhala ndi azimayi anzanu. Mukajomba maliro awiri atatu, msonkhano wanu wotsatira mudzakhala nokha ndi mpando.

Ndikuuzeni nkhani imodzi imene inandisintha kaganizidwe, mwina ikuthandizani kuposa zonse ndalembazi. M'mudzi wina mjigo unafa miyezi ingapo ndisanabwere, azimayi anabwerera kukatunga kudambo. Mjigo wake ndi wa mtundu wa Afridev, womwewu uli ponseponse ku Malawi, ndipotu chiyambi cha mjigo umenewu ndi kwathu komweko ku chigwa cha Livulezi ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1980. Anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kukonza okha, sipanala imodzi mwatsegula, mwasolola ndodo zija, mwasintha. Titatsegula tinapeza kuti chinatha ndi kalabala kakang'ono ka pansi kaja kamene kamakoka madzi, kanthu kotchipa kuposa nkhuku. Mtima unandipweteka kwambiri. Ndinafunsa za ndalama za komiti, akuti m'bokosi mulibe kanthu. Ine pompo ndinaganiza kuti msungichuma wadya, ndinalemba kale m'kope mwanga kuti pakufunika chisankho cha komiti ina, ndipo pamsonkhano ndinayankhula zolimba ndithu za kusakhulupirika. Anthu anangoti zii, ena kuyang'ana pansi.

Madzulo ake agogo ena anandiitana pakhonde pawo, anandipatsa mtedza wokazinga, nkuti, mwanangu, mwayankhula bwino koma simunafunse mwezi umene mjigo unafa. Unafa mu Febuluwale. Nthawi imeneyo nkhokwe zapepuka, ndalama yonse inapita ku feteleza ndi mbewu, ana akudwala malungo, palibe khomo limene lingatulutse ndalama ya madzi. Zochepa zimene zinali m'bokosi komiti inabwereketsa banja lina kuti lithamangire ndi mwana kuchipatala, mudzi wonse ukudziwa, ine ndekha ndi amene sindinkadziwa. Ndondomeko yosonkha mwezi ndi mwezi tinabwera nayo ndife a bungwe, yolembedwa bwinobwino papepala, koma mlimi salandira malipiro pakutha pa mwezi, ndalama yake imabwera kamodzi akakolola. M'mawa mwake ndinapita kukapepesa kwa msungichuma uja pamaso pa amfumu. Anthu okha anagwirizana kuti azisonkha kamodzi pachaka, nthawi yokolola, khomo lililonse chitini cha chimanga kapena nyemba, komiti igulitse nkugula malabala osungira. Mpaka pano mjigo uja ukutuluka madzi.

Pobwera ena anandilimbikitsa ndi mwambi uja woti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo nzoona, zina mudzabwera nazo zimene anthu akuzifuna, monga kudziwa msanga ntchemberezandonda zisanamalize munda kapena kawerengedwe ka chiwongoladzanja m'buku la gulu. Koma mwambi winawo woti mlendo ndi mame ndi umene ndimaukumbukira tsiku lililonse. Chaka chimodzi ndi dzinja limodzi basi. Inu mudzapita, iwo adzatsala ndi munda womwewo, ndiye mlimi akakana kuyesa njira yanu pamunda wonse musamuone ngati wosamva, akuteteza chakudya cha ana ake. Mupempheni mizere isanu yokha, aone yekha.

Za Chipwitikizi musaope koma musachinyozenso. Kumudzi Chichewa chikukwanirani. Chimene chidzakuzunguzeni msanga ndi manambala, poti ife timawerenga ndalama m'Chingerezi pomwe anzathu kuno amawerenga m'Chipwitikizi, vinte, cinquenta, cem, ndipo pamsika mudzamva akuti kontu. Ndalama ya metikali inasinthidwa mu 2006, anachotsa maziro atatu, koma mawu akale aja anatsala pakamwa, ndiye akati vinti kontu akutanthauza ma metikali 20. Mawu athu ena obwereka ku Chingerezi ngati bajeti kapena lipoti ena sawamva, makamaka mukatalikira boda, muzingonena m'Chichewa chenicheni. Koma kuofesi ya boma, kuchipatala, kupolisi ndi pa mapepala onse ndi Chipwitikizi chokhachokha. Yambani lero kuphunzira moni, manambala, masiku ndi miyezi, zinazo ana a sukulu a pakhomo adzakuphunzitsani madzulo, amasangalala nazo kwabasi.

Ndalama. Malipiro kulibe, chimene timalandira ndi kangachepe ka chakudya, sopo ndi mayunitsi, sungasungepo zomangira nyumba. Ngati kwanu akudalira inu kuti muzitumiza mwezi uliwonse, ganizani kawiri, ndikunena izi ndi mtima wonse. Musananyamuke bungwelo likulembereni papepala kuti kangachepeko ndi zingati, mukadwala alipira ndani, thiransipoti yobwerera kwanu ndi ya ndani, ndipo mapepala okhalira m'dziko muno akonza ndani. Pasipoti ya Malawi imakulowetsani masiku 30 ngati mlendo, koma kukhala chaka mukugwira ntchito, olo yongodzipereka, pamafunika chilolezo cha a Migração, ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Anthu a m'malire amadutsa m'tinjira tsiku ndi tsiku kupita kumsika ndi kumaliro, inu musatengere zimenezo, dindani pasipoti pa boda ndipo muziyenda ndi fotokope yake nthawi zonse. Layini gulani ya Movitel, ndi imene imagwira m'midzi yambiri, ndalama muzisunga pa foni mu e-Mola ya Movitel yomweyo. Neti yaudzudzu ndiye musakambe, ndipo thupi likangotentha pitani mukayezetse tsiku lomwelo, m'midzi yambiri muli a APE amene amagwira ntchito yofanana ndi alangizi a zaumoyo a kwathu aja.

Simunafunse za kusungulumwa koma ndinena. Kumabwera, makamaka Lamulungu madzulo, netiweki ikuvuta, anzako akuponya zithunzi za ukwati pa WhatsApp iwe uli pamkeka ukusenda nyemba. Mwezi wachiwiri ndinalira ndithu ndipo ndinatsala pang'ono kulongedza. Amene anandigwira mtima ndi amayi a pakhomo pano. Usiku wina tikuotha moto anandifotokozera mmene anathawira nkhondo ali mtsikana, usiku, mng'ono wawo ali kumsana, mpaka kukafika ku Dedza kumene anakhala zaka zingapo. Nthawi imeneyo Malawi inasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ambiri anabwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere umene unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anabwerera kudzapeza midzi ili tchire, nkuyambiranso ndi khasu lokha. Anandiuza kuti, ife tinadya nsima ya kwanu, iwenso idya ya kuno usachite manyazi. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kunditchula kuti alangizi, amangoti mwana wanga. Nkhani za nkhondozi musamazifunse nokha, ndipo za zipani musalowemo olo pang'ono, akafuna adzakuuzani okha nthawi yawo ikakwana.

Ndiye ngati mwatsimikiza, pemphani kuti mufike mu Ogasiti kapena Seputembala, misewu ikadali youma ndipo anthu ali ndi mpata wocheza, kuti mvula ikamagwa mukhale mutadziwa kale mayina a anthu ndi njira za m'midzi. Tengani zitenje zokwanira, nsapato zolimba za matope, tochi, jekete ya mvula ndi kope lachikuto cholimba. Kalata ya bungwelo ikafika munditumizire pa imelo yomweyi tione limodzi zimene alemba musanasaine. Ndikachedwa kuyankha musadandaule, netiweki ndimaipeza bwino ndikapita ku Ulongwe, ndipo Lachisanu lino ndikupitako ndi msungichuma uja kukagula malabala a mjigo wa mudzi woyandikana nawo.