Chifukwa chake Winston Churchill sanalowe ufumu wa agogo ake

Aphunzitsi ena a ku Dedza, amene amaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale, ananditumizira imelo sabata yatha. Akuti ana a sukulu anawapanikiza ndi mafunso awiri. Loyamba: ngati Winston Churchill, amene anali nduna yaikulu ya Britain, anabadwira m'nyumba ya Blenheim, agogo ake ali Duke of Marlborough, iye n'kudzatchuka kuposa wina aliyense pamtundu pawo, zinatheka bwanji kuti asakhale Duke? Lachiwiri: n'zoona kodi kuti Diana, mayi a William ndi Harry, ndi wa mtundu womwewo, pamene dzina lake linali Spencer?

Aphunzitsi, ana anuwo afunsa bwino, koma afunsa ngati Achewa. Kwathu mfumu ikagona, mbumba imakhala pansi, amayi akuluakulu n'kuyang'ana pakati pa ana a alongo ake a malemu kuti wamutu wabwino ndani, angasunge anthu ndani. Pamsonkhano wotere munthu ngati Winston akanakhala ndi mwayi. Ku Britain msonkhano umenewo kulibe. Dzina la Duke limayenda motsatira chikalata chimene chinalembedwa pamene linkaperekedwa, ndipo zikalata zambiri zimati lizipita kwa mwana wamwamuna woyamba, kenako kwa mwana wake wamwamuna woyamba, choncho basi. Akhale chidakwa, akhale wanzeru, chikalata sichifunsa. Anawo muwauzenso kuti Duke alibe mudzi woweruza. Marlborough ndi tauni ya m'chigawo cha Wiltshire, koma anthu akumeneko sapita ndi milandu yawo kwa Duke.

Mwini dzina anali John Churchill, msilikali wobadwa mu 1650. Sanayambire pamwamba. Maudindowa ali ndi makwerero asanu: Baron pansi, kenako Viscount, Earl, Marquess, Duke pamwamba. John anayamba ndi dzina la ku Scotland, Lord Churchill of Eyemouth, mu 1682, n'kukhala Baron Churchill of Sandridge mu 1685. Mu 1688 anathawa mbuye wake, Mfumu James II, kupita kwa William amene anabwera kudzalanda mpando, ndipo chaka chotsatira William anamuthokoza pomupatsa dzina la Earl of Marlborough. Mkazi wake Sarah anali mnzake wa ponda apa nane ndipondepo wa Anne, ndiye Anne atakhala mfumukazi mu 1702, John anakwezedwa kukhala Duke of Marlborough, kuphatikizapo dzina lina la Marquess of Blandford. Nkhondo yaikulu imene inamutchukitsa inabwera pambuyo pake. Pa 13 Ogasiti 1704 anagonjetsa asilikali a France ndi Bavaria pafupi ndi mudzi wa Blindheim m'mbali mwa mtsinje wa Danube, Angerezi n'kupotoza dzinalo kukhala Blenheim. Mfumukazi inamupatsa malo ku Woodstock, kufupi ndi Oxford, ndipo mu 1705 anayamba kumanga chinyumba chija. Lendi yake mpaka lero ndi kambendera ka chifumu cha France, kamene banjali limakapereka kunyumba yachifumu ya ku Windsor chaka ndi chaka.

Koma pamene ulemu wonsewu unkabwera, pakhomo panali patagwa kale zovuta. Mu February 1703 mwana wawo wamwamuna yekhayo amene anatsala, John, anamwalira ndi nthomba ku Cambridge asanakwanitse zaka 18. Anatsala ndi ana aakazi okhaokha. Mwa chikalata chija, dzina lonse likanalowa m'manda limodzi ndi mwini wake. Apa ndi pamene banjali linasiyana ndi mabanja ena. Mu 1706 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lapadera la banja limodzi lokhali, loti maina a John apite kwa ana ake aakazi mwa ukulu wawo, ndi kwa ana aamuna obadwa kwa iwowo.

John atamwalira mu 1722, mwana wake wamkulu Henrietta anakhala Duchess of Marlborough mwa iye yekha, osati chifukwa cha mwamuna. Maina amene lamulo lija silinawakhudze anafera pomwepo: la Eyemouth lija, ndi lina la Prince of Mindelheim limene John anapatsidwa ku Germany, kumene mwambo sunkalola mkazi kulowa. Henrietta naye tsoka linamutsata. Mwana wake wamwamuna, William, anamwalira mu 1731 osasiya mwana, mayi ake akali moyo. Henrietta atamwalira mu 1733 anasiya ana aakazi amoyo, koma dzina linawalumpha n'kupita kwa mwana wamwamuna wa mng'ono wake Anne. Anne ameneyu anali atakwatiwa ndi Charles Spencer, Earl of Sunderland wachitatu, ndipo anali atamwalira kale mu 1716. Mwana wawo, nayenso Charles Spencer, ndiye anakhala Duke wachitatu. Mchewa akamva kuti ufumu wadzera kuchikazi sadabwa, koma ku England chinali chachilendo, ndipo m'banjali sichinachitikenso. Kuyambira 1733 dzinali lakhala likuyenda mwa amuna okhaokha.

Ndiye onani, aphunzitsi: kwa zaka zoposa 80 eni Blenheim sankatchedwa Churchill n'komwe. Anali a Spencer. Duke wachisanu ndiye anapempha chilolezo mu 1817 kuti abwezeretse dzina la gogo wankhondo uja, banja n'kukhala Spencer-Churchill.

Funso la Diana layankhidwa kale pamenepa. Charles uja atakhala Duke of Marlborough, nyumba ya makolo a Spencer ku Althorp inatsalira mng'ono wake John, amene analinso pamtima pa agogo ake Sarah. Sarah atamwalira mu 1744, chuma chake chambiri chinapita kwa mdzukulu ameneyu. Mwana wa John Spencer ameneyu anapatsidwa dzina latsopano la Earl Spencer mu 1765, ndipo bambo a Diana anali Earl Spencer wachisanu ndi chitatu. Choncho Winston ndi Diana onse ndi zidzukulu za Anne Churchill, wina kudzera kwa mkulu, wina kwa mng'ono. Nawonso a ku Althorp lamulo ndi lomwe lija: bambo a Diana atamwalira mu 1992, ana aakazi atatu anangoonerera, dzina n'kupita kwa mlongo wawo wamng'ono, Charles.

Tsopano Winston. Agogo ake anali Duke wachisanu ndi chiwiri, koma bambo ake, Randolph, sanali mwana woyamba. Mwana wamng'ono wa Duke amangopatsidwa ulemu wa mawu oti Lord patsogolo pa dzina lake, n'chifukwa chake timawerenga za Lord Randolph Churchill, koma ulemuwo sutsikira kwa ana ake. Palinso maina obwereka: mwana wamkulu wa Duke amatchedwa Marquess of Blandford, mdzukulu wamkulu Earl of Sunderland, koma maina onsewo mwini wake ndi Duke yemweyo. Winston analibe ngakhale lobwerekalo. Anabadwira ku Blenheim pa 30 Novembala 1874 chifukwa mayi ake, Jennie Jerome wa ku America, anali kumeneko pamene nthawi inakwana, m'kachipinda ka pansi kamene alendo amaonetsedwa masiku ano. Kubadwira m'nyumba ya mfumu si kulowa ufumu.

Komabe zinatsala pang'ono, ndipo gawo ili ndi limene ana anu angalikonde. Bambo ake aakulu a Winston, Duke wachisanu ndi chitatu, anamwalira mu 1892 n'kusiya mwana wamwamuna mmodzi yekha, Charles, amene pakhomo ankamutcha Sunny chifukwa cha dzina lija la Sunderland. Angerezi amati awiriwa anali ma cousin, koma musawamasulire kuti asuweni, poti kwathu ana a munthu ndi mkulu wake ndi pachibale. Sunny anali asanakwatire. Randolph atamwalira mu Januwale 1895, wotsatira pamzere anali Winston. Chaka chomwecho Sunny anakwatira Consuelo Vanderbilt ku New York, mwana wa banja lolemera ndi njanji, chifukwa Blenheim inkadya ndalama kuposa zimene minda inkabweretsa. Consuelo anadzafotokoza yekha pambuyo pake kuti atangofika, agogo ake a mwamuna wake anamuuza kuti ntchito yake yoyamba ndi kubereka mwana wamwamuna, kuopa kuti kamnyamata kodzimva kaja Winston kangakhale Duke. Ndipo agogowo anali agogo ake a Winston yemweyo! Mwana anabadwadi mu Seputembala 1897, mwayi wa Winston n'kuthera pomwepo.

Ine ndimati mwana wakhandayo anamupulumutsa. Masiku amenewo Duke sankaloledwa kukhala phungu wa House of Commons, nyumba ya malamulo ya aphungu osankhidwa ndi anthu, ndipo njira yokanira dzina lotere kunalibe mpaka lamulo la 1963. Winston akanatsekeredwa ku House of Lords, nyumba ina ya malamulo mmene munkakhala eni maina ngati amenewa. Nduna yaikulu yomaliza kulamulira nthawi yake yonse ili ku Lords inali Lord Salisbury, amene anatula pansi mu 1902. Mu Meyi 1940, pamene ankafuna wolowa m'malo mwa nduna yaikulu Neville Chamberlain, Lord Halifax, amene ankaganiziridwanso pampandowo, anatchula yekha kuti kukhala kwake ku Lords kukanamulepheretsa kugwira ntchitoyo, mpando n'kupita kwa Winston. Atapuma mu 1955 anamufunsa ngati angafune dzina lakelake la Duke, iye anakana, n'kukhalabe phungu mpaka 1964. Sir amene timamutchula uja anamulandira mu 1953, ndipo ameneyo satsikira kwa mwana.

Mwana wa Consuelo uja ndiye anadzakhala Duke wa nambala 10 mu 1934, mwana wake n'kukhala wa nambala 11 mu 1972, ndipo wa nambala 12, James Spencer-Churchill, analowa mu 2014. Mphamvu zinapita kale. Lamulo la 1999 linachotsa ambiri mwa olowa mwa kubadwa ku House of Lords n'kusiyako 92 okha. Mu 2013 Britain inasintha lamulo la mpando wa mfumu yeniyeni kuti mwana wamkazi asamalumphidwe ndi mlongo wake wamng'ono, koma maina a mabanja ngati ili sanawakhudze. Blenheim tsopano ili m'manja mwa matrasti, ndipo anthu amalipira pakhomo kuti alowe akaone.

Ana akakufunsani kumene Winston anagona, si m'kachisi wa mkati mwa Blenheim mmene muli John ndi Sarah. Anamuika mu Januwale 1965 kunja kwa mpanda wa malowo, pamanda a tchalitchi cha mudzi wa Bladon, pafupi ndi bambo ake ndi mayi ake.