Nyimbo za m'filimu zomwe sitiimbira limodzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi, mphunzitsi amene amaimbitsanso kwaya kutchalitchi kwawo. Anafunsa kuti: n'chifukwa chiyani pa Oscar, mwambo wa ku America wopereka mphoto za mafilimu, pamakhala mphoto ziwiri za nyimbo, nanga nyimbo za kuno ku Africa zimafikako?

Amayi, mwandikanda poyabwa.

Mphoto ziwirizi zinayamba kuperekedwa mu 1935. Yoyamba ndi ya nyimbo imodzi ya mawu, yopekedwera filimuyo, osati yongotoledwa pa chimbale chakale. Mu 2024 anaitenga Billie Eilish ndi mlongo wake Finneas chifukwa cha nyimbo ya m'filimu ya Barbie. Mu 2023 inapita ku India, kwa "Naatu Naatu" ya m'filimu ya RRR, yoimbidwa m'Chitelugu. Chaka chomwecho Tems wa ku Nigeria anali m'gulu la opikisana, poti analemba nawo "Lift Me Up" yomwe anaimba Rihanna. Ndiye eya, zimafikako.

Koma mtima wanga uli pa mphoto yachiwiriyo, yomwe eni ake amati score. Awa ndi malimba, zitoliro ndi ng'oma zomwe zimalira chapansipansi filimu yonse, anthu akamayankhula, akamathawa, akamalira maliro. Simungaziimbe pochapa, komabe ndi zomwe zimakuimitsani tsitsi musanaone choopsacho. Inu oimbitsa kwaya mukudziwa ntchito ya besi: mpingo suizindikira, koma tsiku lomwe abambo ajomba nyimbo yonse imapepuka.

Filimu ya Black Panther ndinaionera pa laputopu kunyumba ku Luwinga, mvula yathu ija ya mawawa ikugwa padenga. Pamene ndege inkalowa mu Wakanda, dziko longopeka la mu Africa la m'filimumo, panamveka mawu a bambo wina akukuwa ngati akuitana anthu kutsidya la dambo. Mphwanga amene ankasewera ndi foni anadzutsa mutu nthawi yomweyo. Mawuwo ndi a Baaba Maal wa ku Senegal. Wopeka nyimbozo, Ludwig Göransson wa ku Sweden, sanangokhala mu situdiyo n'kumaganizira mmene Africa imamvekera. Anapita ku Senegal, anayenda ndi Baaba Maal, n'kujambula tama, kang'oma kopanira m'khwapa komwe kamatsanzira mawu a munthu. Kang'omako ndi komwe kamatchula dzina la T'Challa, mfumu ya Wakanda, m'filimumo. Mu 2019 analandira Oscar, ndipo mu 2024 analandiranso ina chifukwa cha filimu ya Oppenheimer.

Paulendo womwewo anakafikanso ku International Library of African Music ku South Africa, nkhokwe yomwe Hugh Tracey anakhazikitsa mu 1954. Tracey yemweyo anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo za Atumbuka, Atonga ndi Achewa. Mawu a agogo athu ali m'nkhokwe imeneyo mpaka lero.

Apa ndi pomwe pamandiwawa. Ndaonapo mafilimu athu ena pomwe mayi akulira mwana wake, koma pansi pakulira nyimbo yotchuka ya pa wailesi yomwe tinavina paukwati dzana. Maganizo amathawira kuukwatiko, maliro aja n'kuiwalika. Chonsecho ng'oma za vimbuza, zomwe UNESCO inazilemekeza mu 2005, zinapangidwira kugwedeza munthu m'kati. Badza la malipenga a ku Nkhata Bay likalira lokha chapatali limamvetsa chisoni. Kuponda kwa ingoma ya ku Mzimba kungalengeze nkhondo popanda wotchula liwu limodzi. Zonsezi zili pafupi ndi Mzuzu, ulendo wa minibasi basi.

Amayi, yesani izi ndi ana anu a kwaya Loweruka likubwerali. Sankhani kachigawo kakafupi ka filimu, ngakhale ka mphindi ziwiri, muzimitse mawu. Woimba ng'oma akhale kutsogolo akuyang'ana chithunzicho, asopulano azing'ung'udza osatsegula pakamwa, ndipo wina ajambule pa foni. Kenako musinthe: ng'oma ikhale chete mpaka pomwe munthu wa m'filimuyo watembenuka. Mukajambula zonse ziwiri munditumizire pa imelo yomweyi, ndikufuna ndidzazimve.