Kwa aphunzitsi ofunsa za Jean Fritz ndi kalembedwe ka mbiri za ana

Aphunzitsi, mwafunsa ziwiri pakamodzi: Jean Fritz anali ndani, komanso ngati wolembera ana mbiri ya munthu wotchuka angamuikire mawu m'kamwa kuti nkhani ikome. Ndaona ena akuyankhani kale kuti ana ndi ana, thiraniponi mchere basi. Ine ndikukana, ndipo chondikanitsa ndi ntchito ya mayi mwamutchulayu, wolemba mabuku a ana wa ku America.

Anabadwa pa 16 Novembala 1915 ku Hankow, m'mbali mwa mtsinje wa Yangtze ku China, dera limene lero lili mu mzinda wa Wuhan. Dzina la kwawo linali Guttery. Makolo ake anali Aamereka, bambo ake ankagwira ntchito ku bungwe lachikhristu la achinyamata la YMCA. Choncho mwanayu anakula akudzitcha Mwamereka, chonsecho dzikolo anali asanapondemo. Sukulu ankaphunzira ya Angerezi, kumene m'mawa ana ankaimba nyimbo yotamanda mfumu ya ku Britain, ndipo tsiku lina iye anangotseka pakamwa, nati mfumuyo si yake. Ndayambira pamenepa chifukwa zonse za m'tsogolo zikuchokera apa. Mwana wobadwira ku Boston, mzinda wa ku America, safunsa kuti Mwamereka ndi munthu wotani, amangokhala. Koma uyu funsoli linkamusowetsa tulo, ndipo analinyamula mpaka kukalamba.

Zipolowe zitakula ku China cha m'ma 1927, banjali linachoka, ndipo Jean anafika ku America ali ndi zaka 12. Anamaliza maphunziro ku Wheaton College mu 1937, nakwatiwa ndi Michael Fritz mu 1941, kenako anakhazikika ku Dobbs Ferry, ku New York, kumene anagwirako ntchito mu laibulale ya ana. Zolemba zake zoyamba zinali nthano zopeka za m'magazini ya ana. Mu 1958 anatulutsa The Cabin Faced West, nkhani ya kamtsikana ka m'banja la makolo ake akale kamene kanakumana kumadzulo kwa Pennsylvania ndi George Washington, amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa America. Bukuli ndi lopeka lokhala pa maziko a mbiri, ndipo iye sanabise zimenezo.

Kumene funso lanu lagona ndi mu 1973, pamene America inkakonzekera kukumbukira zaka 200 za ufulu wake mu 1976. Apa anayamba timabuku tifupitifupi ta mbiri za anthu a m'nthawi imene dzikolo linkamenyera ufulu wake kwa Angerezi. Taonani maina ake: And Then What Happened, Paul Revere? mu 1973, Why Don't You Get a Horse, Sam Adams? mu 1974, What's the Big Idea, Ben Franklin? mu 1976, ndi Can't You Make Them Behave, King George? mu 1977. Onse ndi mafunso, ndipo ndi mafunso amene mwana wopanda manyazi angafunse munthu wamkulu maso ndi maso. Nanga bwanji osangopeza hatchi, a Sam Adams? Inu a mfumu George, mwalephera kuwalanga anthu anuwa?

Lamulo limene anadziikira pa mabuku amenewa ndi loti sapeka zokambirana. Mawu akalowa m'kamwa mwa munthu, ndiye kuti anawapeza m'kalata, m'buku la tsiku ndi tsiku la munthuyo kapena m'zolemba za amene analipo. Mungaganize kuti buku lotere likhala louma ngati chikalata cha kukhoti, koma ayi ndithu. Chimene ankachita ndi kufukula mpaka atapeza kachinthu koona kamene olemba akuluakulu anakadumpha poganiza kuti n'kachabe. Samuel Adams, munthu amene anasonkhezera moto woukira Angerezi ku Boston, ankakana kukwera hatchi pa nthawi imene mwamuna aliyense wolemekezeka ankakwera. Ankangoyenda wapansi, mpaka msuweni wake John Adams anamunyengerera. Paul Revere, amene ana a ku America amamudziwa chifukwa cha ulendo wake wa usiku wa pa 18 Epulo 1775 wochenjeza kuti asilikali a Angerezi akubwera, anali mmisiri wosula siliva amenenso ankaika anthu mano oikirira. Mwana akamva za manowo amaseka, ndipo akaseka wagwidwa, za nkhondozo azimvera yekha.

Limene limandisangalatsa kwambiri ndi la George III, mfumu ya ku Britain ya nthawi imeneyo. Kwa ana a ku America mfumuyi ndi mdani basi, koma Fritz anailemba kuyambira ili kamnyamata kamanyazi, kofunitsitsa kukhala mfumu yabwino, kenako munthu wodabwa kuti chifukwa chiyani ana ake a kutsidya kwa nyanja sakumumvera. Kamtsikana kokana kuimbira mfumu kaja, katakula, kanakhala pansi kuti kamvetse mfumu ina. Mu 1981 analembanso za Benedict Arnold, mkulu wa asilikali amene anagulitsa dziko lake, osamuyeretsa komanso osamusandutsa chilombo.

Tsono ofuna kuthira mchere aja ayang'ane kumene mcherewo umafikitsa. Nkhani yotchuka ya George Washington ali mwana, yoti anadula mtengo wa zipatso wa bambo ake n'kuvomera yekha chifukwa sakanatha kunama, inachokera kwa Mason Locke Weems, amene anaiika m'buku lake mu 1806 popanda umboni wodalirika. Mibadwo ya ana inaphunzira kunena zoona kudzera m'nkhani imene akatswiri a mbiri amaiona ngati yopeka. Mwana akadzazindikira, sataya kamtengo kokhako, amayamba kukayikira zonse zimene munamuuza.

Wina anena kuti Fritz yemweyo anapekako m'buku la moyo wake, Homesick: My Own Story, la mu 1982. N'zoona. Anapanikiza zaka zambiri za ubwana wake m'zaka ziwiri ndipo zokambirana anaziumba potsatira zimene ankakumbukira. Koma anazinena yekha kumayambiriro kwa bukulo, wowerenga asanayambe mutu woyamba. Bukuli linalandira Newbery Honor, mphotho ya mabuku a ana ku America, mu 1983. Patatha zaka zoposa 50 chichokereni anabwerera ku China kukaona kumene anakulira, ndipo ulendowo unabala China Homecoming mu 1985.

Za mphotho ndingodutsa: mendulo ya Laura Ingalls Wilder mu 1986, ndi National Humanities Medal mu 2003. Chondigometsa ine ndi choti mu 2011, ali ndi zaka 95, anatulutsa buku la Alexander Hamilton, mmodzi wa anthu amene anayambitsa dziko la America, n'kulipatsa mutu womutcha wobwera. Hamilton anabadwira pa chilumba cha Nevis, nafika ku America ali mnyamata kudzafuna malo ake, ndiye mungaone nokha chimene chinamukokera kwa iye. Fritz anamwalira pa 14 Meyi 2017 ali ndi zaka 101.

Ngati mufuna limodzi loyambira, aphunzitsi, tengani la Sam Adams. Ndi lalifupi, mulimaliza tsiku lomwelo, ndipo mukafika kumapeto musadumphe timawu tofotokozera tija iye amaika kumbuyo kwa buku.